Anapasula banja la Yejide ndani, apongozi kapena mwamuna wake?

Tsiku lina m'chaka cha 1985, m'tauni ya Ilesa kum'mwera chakumadzulo kwa Nigeria, Yejide analandira alendo. Panali Iya Martha, mkazi wamkulu wa bambo ake, ndi Baba Lola, mmodzi mwa akuluakulu akuchimuna. Zaka zinayi zinali zitatha chikwatiranireni ndi Akin, pakhomo osamveka kulira kwa mwana, ndiye maulendo otere anali atawazolowera: kuwagwadira akuluakulu, kuwaphikira, kumvetsera za asing'anga ndi aneneri oti akayesereko. Koma ulendo uno anabwera ndi mtsikana dzina lake Funmi, n'kumuuza Yejide kuti alandire mkazi mnzake. Sanabwere kudzamva maganizo ake. Zonse zinali zitatha kale, ndipo Akin, amene anali atakhala pomwepo, ankadziwa. Mkwiyo umene Yejide sakanatha kuulankhula pamaso pa akulu anakautulutsira kukhitchini. Anawapakulira nyemba zogona zimene zinali zitayamba kusasa, alendo aja n'kukatsegula m'mimba panjira.

Apa ndi pamene pamayambira mpungwepungwe wa m'buku la Stay With Me, nkhani yopeka imene Ayobami Adebayo wa ku Nigeria anatulutsa mu 2017 asanakwanitse zaka 30. Chaka chomwecho bukuli linafika pamndandanda womaliza wa mphoto ya Baileys Women's Prize for Fiction. Nkhaniyi amaifotokoza mosinthanasinthana Yejide ndi Akin, aliyense ndi pakamwa pake, kuyambira chaka chimene Ibrahim Babangida analanda boma kufikira mu 2008. Poti timamva mbali zonse ziwiri, owerenga nawonso amagawikana pawiri. Ena amati banjali linapasulidwa ndi achibale, makamaka a Moomi, mayi ake a Akin, amene sanawapatse ana awo mpata wopuma. Ena amati achibalewo anapeza zinthu zitawonongeka kale, ndipo anaziwononga ndi mwini khomo. Ine ndimatsamira kumbali yachiwiriyi, ngakhale yoyambayo ili ndi mfundo zimene sindingazikankhire kumbali.

Amene sanaliwerenge andikhululukire, chifukwa mlanduwu sungazengedwe chinsinsi chake chili chobisika. Akin, manijala wa banki, amene anakumana ndi Yejide ku yunivesite ya ku Ife, sankatha kugwira ntchito ya m'banja. Kwathu kuno anthu akanangonong'onezana kuti anagwa m'papaya. Vutoli ankalidziwa asanakwatire, ndipo mkazi wake sanamuuze. Zinthu zitafika pothina, ananyengerera mng'ono wake Dotun, wokhala ku Lagos, kuti azibwera ngati wodzacheza n'kumagona ndi mlamu wake. Panabadwa ana atatu. Olamide anamwalira ali khanda. Sesan anapezeka ndi matenda a sickle cell, anazunzika nawo mpaka kumwalira. Wachitatu, mtsikana, anamutcha Rotimi, dzina lomupempha kuti akhale asapite, ndipo ndi kumene kunachokera mutu wa bukuli. Nayenso anabadwa ndi matenda omwewo. Mu 1993, Babangida atafafaniza chisankho cha pa 12 June chimene Moshood Abiola ankatsogola, ku Lagos kunabuka zipolowe. Rotimi anadwalika ali ndi Akin mumzindamo, misewu itatsekeka. Yejide, amene anali paulendo kumpoto kwa dzikolo, atamva anangoti basi, uyunso wapita. Sanabwerere. Anakakhala ku Jos zaka 15.

Oikira kumbuyo Akin amayambira pa a Moomi, ndipo m'pomveka. Mwa Ayoruba mwana ndi wa kuchimuna. Akin anali mwana woyamba wa mayi amene anakalambira pamitala, pamene ulemu wa mkazi umayezedwa ndi ana ndi adzukulu amene wabweretsa pakhomo. A Moomi ankafika ku ofesi ya mwana wawo atatenga atsikana oti asankhepo, ndipo anamuopseza kuti akapanda kusankha ayamba kupita nawo kunyumba kwake kwenikweni, pamaso pa Yejide. Akin anavomera Funmi poganiza kuti akamupezera nyumba yakeyake kutali, mayi ake akhala chete ndipo Yejide sakhudzidwa. Kodi mwamuna wotere, amafunsa a mbali imeneyi, ndi chigawenga kapena ndi munthu wopanikizidwa amene akungofuna potulukira?

Zimene a Moomi anamuchita Yejide zimapweteka kwambiri tikakumbukira kuti mtsikanayu analibe mayi. Mayi ake anamwalira pomubereka, iye n'kukulira pakati pa amayi omupeza amene sankamuwerengera. Atakwatiwa anawatenga apongozi ake ngati mayi ake enieni, ndipo poyamba ankakondana. Mayi omwewo ndi amene anadzamuuza kuti mkazi wosabereka sasiyana ndi mwamuna, ndipo asamutsekereze mwana wawo. Kuchoka apo Yejide anayamba kuchita chilichonse. Anasala kudya, anakwera phiri la zozizwitsa akukoka mbuzi pachingwe, ndipo pamwamba pake mneneri Josiah anamuuza kuti aifukate mbuziyo ngati khanda n'kuiyamwitsa. Anaiyamwitsa, anthu akuimba momuzungulira. Mkazi wophunzira mpaka ku yunivesite, mwini saluni yoyenda bwino, anatsika phiri akukhulupirira kuti waima. Mimba inakula, miyezi isanu ndi inayi inakwana n'kupitirira, madokotala akumuuza kuti m'mimbamo mulibe kanthu, mpaka anakathera kwa dokotala wa matenda a maganizo. A mbali yoyamba amati misala imeneyi sinachokere kuchipinda. Inachokera pakhonde pamene pankakhala alendo.

Amaonjezanso za maliro a Sesan. Ayoruba ali ndi chikhulupiriro cha abiku, mwana wa mizimu amene amabadwa n'kufa, kubadwanso n'kufanso, pofuna kuzunza mayi ake. A Moomi anaumirira kuti mtembo wa mdzukulu wawo auike zipsera kuti mzimuwo uchite manyazi usadzabwerenso. Ifenso timawadziwa mayina monga Maliro ndi Manda amene amapatsidwa kwa mwana wobadwa pambuyo pa anzake omwalira, choncho mantha a gogoyu si achilendo kwa ife. Komabe mayi amene wangotaya mwana wachiwiri, n'kuuzidwa kuti mwanayo anali mzimu woipa, amulankhula ndani kuti apepukidwe mtima?

Mfundo yawo yolemera koposa ndi yakuti Akin nayenso anakulira m'dziko limene mwamuna sanganene poyera kuti zinthu sizikuyenda. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vuto losabereka nthawi ina pamoyo wake, ndipo madokotala amati pafupifupi theka la mabanja otere vuto limakhudzanso mwamuna. Koma pa mzere wa kuchipatala timaonapo amayi okhaokha atafumbata mabuku awo. Mwamuna akaulula, dzina lake limasanduka nyimbo ya pamowa. Kumadera a chikamwini amatha kumulongedzera katundu, kumadera a malowolo abale ake amathamangira kuloza chala mkazi kuti manyazi asagwere mtundu wawo. Akin sanangokhala manja lende, amatero omuikira kumbuyo. Ankapita mwakachetechete kwa madokotala ku Lagos, akuyembekeza kuti tsiku lina achira ndipo bodza lija lidzafa lokha. Akanakhala kuti achibale anawasiya awiriwa, mwina akanapeza tsiku lolankhula. Paja amati banja ndi awiri, wachitatu ndi kapasule.

Zonsezi ndazimva, ndipo zambiri n'zoona. Koma pali funso la nthawi limene mbali imeneyi imalilumpha. Bodza la Akin linayamba a Moomi asanatsegule pakamwa. Linayamba ali pachibwenzi ku Ife, pamene panalibe apongozi, panalibe Funmi, panalibe wowerenga miyezi. Yejide anakwatiwa asanadziwe mwamuna, ndipo Akin anapezerapo mwayi womuuza kuti zimene zinkachitika kuchipinda kwawo ndi mmene zimakhalira. Achibale atayamba kulankhula, anasiya aliyense akhulupirire kuti chumba ndi mkazi. Pamene Yejide ankasala kudya, Akin ankadziwa kuti n'zopanda pake. Pamene mimba ija inkakula, panali munthu amene ankadziwa motsimikiza kuti sizingatheke, ndipo munthuyo ankagona naye bedi limodzi. Anamutengera kwa dokotala wa maganizo, inde, koma mawu ochepa okha a choonadi akanathandiza kuposa mankhwala onse. A Moomi anali ankhanza, komatu ankachita nkhanzazo ali mumdima, ndipo anawasiya mumdimamo ndi mwana wawo yemwe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma iyi inatsekeramonso anzake.

Pa nkhani ya Dotun m'pamene owerenga a kwathu kuno amayenera kuima pang'ono, chifukwa zimene Akin anakonza tili nalo dzina lake. Ndi fisi. M'mene amafotokozera akuluakulu, banja likasowa mwana ndipo zadziwika kuti vuto lili ndi mwamuna, ankakhala pansi anthu ochepa, mwamuna n'kuvomera, mkazi n'kuuzidwa, munthu wodalirika n'kumalowa usiku mwini nyumba atachokapo, ndipo mwana wobadwayo ankakhala wa mwini nyumba. Sindikuuyamikira mwambowu. Kuvomera kwa mkazi amene wazunguliridwa ndi akuluakulu n'kokayikitsa, matenda opatsirana monga Edzi anauonetsa kuopsa kwake, ndipo lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limaletsa miyambo yovulaza ku Malawi. Koma ngakhale mwambo wokayikitsawo unkasunga chinthu chimodzi chimene Akin, munthu wa sukulu, anachitaya. Mkazi ankadziwa. Ankadziwa kuti vuto si lake, ankadziwa amene akulowa ndi chifukwa chake, ndipo m'mawa sankadzuka ndi mtima woti wachimwira mwamuna wake.

Yejide sanapatsidwe ngakhale zimenezo. Kwa zaka anasenza mlandu wa chigololo, akumuyang'ana Akin akusewera ndi mwana n'kumanjenjemera kuti tsiku lina zidzaululika, osadziwa kuti amene akumuopayo ndi amene anaitana mlendo. Kwa ine apa ndiye pachimake pa nkhanza za m'bukuli. Amuna awiri a mimba imodzi anakhala pansi n'kupangana za thupi la mkazi, mwini thupi ali kusaluni akuluka tsitsi la makasitomala.

Chinsinsi chinadzetsanso imfa mwa njira ina imene ambiri saiona. Sickle cell ndi matenda otengera kwa makolo onse awiri. Munthu akhoza kukhala ndi mbewu yake m'magazi osadwala, koma awiri otere akaberekerana, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa. Maselo ofiira a magazi amapindika n'kumatsekereza timitsempha, mwana amalira ndi ululu wa m'mafupa, magazi amachepa pafupipafupi. Ku Nigeria ndi kumene kumabadwa ana ambiri a matendawa padziko lonse, ndipo ku Malawi nakonso alipo. Magazi a Akin analibe mbewu imeneyi, n'chifukwa chake dokotala wa Sesan anamuitanira pambali n'kumuuza kuti mwanayo sangakhale wake, osadziwa kuti akuuza munthu zimene akuzidziwa kale. Yejide ndi Dotun onse anali nayo. Nkhani ikanakambidwa poyera, mwina wina akanati tiyeni tikayezetse kaye. Zochitika mobisa sizipita kokayezetsa.

A mbali yoyamba akafika apa amatembenukira kwa Yejide. Amati nayenso si mwana. Palibe anamugwiririra, anagona ndi mlamu wake mwa kufuna kwake ndipo anabwerezabwereza. Rotimi atabadwa anadziletsa kumukonda poopa kuliranso, n'kumusiya m'manja mwa Akin. Pomaliza anathawa osaona ngakhale manda. Enanso amakayika nkhani yonse. Zingatheke bwanji, amafunsa, kuti mkazi wofika ku yunivesite akhale zaka pabanja osazindikira kuti mwamuna wake ali ndi vuto?

Funso lomalizali n'labwino, ndipo yankho lake ndi limene limatifikitsa pa ubwenzi, mbali ya bukuli imene imakambidwa mochepa. Zinthu za kuchipinda siziphunziridwa m'kalasi. Mtsikana amazimva kwa anamkungwi, kwa azakhali, kwa alangizi a kutchalitchi, kwa anzake pochapa kapena polukana tsitsi. Yejide analibe aliyense wa amenewa. Ali mwana, usiku amayi omupeza akamasimbira ana awo nthano, aliyense m'chipinda chake chitseko chitatsekedwa, iye ankakhala panja n'kumamvetsera pakhomo. Anakula akudziwa kuti zokoma zimakambidwa mkati ndipo iye ndi wa kunja. Mwana wotere amaphunzira kusafunsa. Amaphunziranso kudzitukumula pang'ono kuti asaoneke wosowa, ndipo Yejide wamkulu ali nako kudzitukumula kumeneko. Mu saluni yake atsikana ndi makasitomala ankakamba za amuna mosabisa, iye n'kumazitenga ngati nkhani za anthu osaphunzira. Ine sindimuona ngati munthu wosatheka. Amayi ophunzira amene alibe womufunsa za thupi lawo alipo ambiri, ndipo sukulu nthawi zina imawonjezera manyazi ofunsa.

Mnzake weniweni anamupeza mochedwa, ndipo anachokera kumene sankayembekezera. Iya Bolu anatsegula saluni pafupi ndi yake. Anali mayi waphokoso, wosapita patali ndi sukulu, ana ake aakazi akuyendayenda pakhomo pa shopu, ndipo Yejide ankamuyang'ana ndi diso lonyoza. Koma mavuto atagwa, amene anaima naye ndi mayi ameneyu. Iya Bolu amalankhula mosapsatira, amakalipa pofunika kukalipa, sawerengera kuti mnzake ali ndi digiri. M'buku lodzaza ndi achibale, munthu amene safuna kalikonse kwa Yejide ndi uyu amene si m'bale wake. A Moomi akufuna mdzukulu, Iya Martha akufuna kumuona atagwa, Dotun ali ndi ngongole kwa mkulu wake, Akin akufuna kubisala kumbuyo kwake. Iya Bolu akungofuna kuti mnzake adye, asambe, anyamule mwana wake. Chomvetsa chisoni n'chakuti ngakhale kwa iyeyu Yejide sanathe kutsegula mtima wonse pa nthawi yake.

Mbali zonse ziwiri zimamukokera Iya Bolu kwawo. Oyamba amati taonani, ndi banja lomwelo la mitala limene linamulanda Yejide mayi ndi abale, n'kumusiya wopanda womulangiza, ndiye mlandu ubwerere kwa achibale. Ine ndimaona zina. Akin ankadziwa bwino lomwe kuti mkazi wake alibe wina. Ankadziwa za chitseko chotsekedwa chija, ankadziwa kuti kwa Yejide iye ndi mwamuna, ndi mlongo, ndi mnzake wapamtima yekhayo. Mkazi wokhala ndi azakhali ndi anzake akanalizindikira bodzalo mwezi woyamba, ndipo bodzalo linakhalitsa chifukwa linagwera munthu amene analibe kofunsa. Kaya Akin anachita kukonza kapena ayi, umasiye wa mkazi wake unamuthandiza kubisala. Ndipo iye mwini sanali yekha. Anali naye womuuza zakukhosi, Dotun. Ndiye kuti kulankhula ankatha. Anangosankha woti alankhule naye, ndipo sanasankhe mkazi wake. Choonadi Yejide anadzachimva kwa mlamu wake.

Ubale wa amuna awiriwa nawonso unathera pomwepo. Timati chibale ndi fupa sichiola, ndipo Akin anadalira zimenezi popempha chinthu chimene munthu sangapemphe kwa mnzake wamba. Dotun ankamulemekeza mkulu wake ndipo ankamudalira pa zambiri, choncho kukana kunali kovuta. Koma tsiku limene Akin anawapeza awiriwo pabedi lake, anamumenya mng'ono wakeyo mpaka kutsala pang'ono kufa. Omuikira kumbuyo amati apa m'pamene timaona kuti ankamukondadi Yejide, kuti nsanje inamuposa mphamvu. Mwina. Koma munthu amene anayambitsa zonse ndi yemweyo amene anakhala woweruza ndi wolanga, ndipo anthu akunja anangoona mwamuna wolakwiridwa ndi mkazi wachiwerewere. Dotun anachoka m'dzikomo. A Moomi, amene ankafuna kuti mtundu wawo uchuluke, anatsala ndi ana awiri osaonana.

Ndivomereze mfundo imodzi ya mbali inayo imene ndiyovuta kuiyankha. Kodi a Moomi akanadziwa choonadi akanasintha? N'kutheka kuti ayi. N'kutheka kuti akanaitana Dotun okha, n'kumuuza Yejide kuti apirire asunge ulemu wa mwamuna wake, monga amauzidwira amayi ambiri pa chinkhoswe kuti banja ndi kupirira. Dziko limene linamuopseza Akin ndi lenileni, ndipo Adebayo salichepetsa. Komabe Akin sankafunika kuuza dziko. Ankafunika kuuza munthu mmodzi. Yejide akanatha kukhala, akanatha kuchoka, akanatha kuvomera kulera mwana wamasiye kapena kufuna thandizo la madokotala limodzi naye. Chilichonse mwa izi chikanakhala chosankha chake. Akin ankaopa kuti akasankha asankha kuchoka, ndiye anamulanda mwayi wosankhawo. Anthu ena amatcha zimenezi chikondi chopitirira muyeso. Ine ndimaona munthu amene ankafuna kumusunga Yejide kuposa mmene ankafunira kuti Yejide akhale bwino.

Pali munthu wina amene mbali zonse ziwiri zimamudutsa mofulumira, ndipo zimenezi zimandiwawa. Funmi anabweretsedwa ngati mankhwala a vuto limene silinali lake. Anapatsidwa mwamuna amene sakanamupatsa mimba, n'kumadikirira tsiku limene nayenso adzatchedwe chumba. Poti iye sanali mbuli pa za amuna, anazindikira msanga chimene Yejide sanachizindikire kwa zaka. Usiku wa phwando lopatsa dzina Olamide anamufunsa Akin maso ndi maso kuti mimbayo inachokera kuti. Akin anali ataledzera, anali pamwamba pa masitepe, ndipo m'mawa Funmi anapezeka pansi pake atafa. Anthu anati wagwa yekha. Akin amatiululira ife owerenga patsogolo kuti dzanja lake linalipo, koma palibe bwalo limene linamuzenga mlandu. Owerenga ambiri timamuda Funmi chifukwa timamuona ndi maso a Yejide, ngati wolanda mwamuna wa mwini, ndiye imfa yake timaimeza mosavuta. Komatu m'nyumba monse ndi iye yekha amene ananena zoona mokweza, ndipo ndi zomwe anafera. Pamenepa a Moomi panalibe. Amene amati zonse ndi achibale andiuze m'bale amene anaima pa masitepe paja. Ndimaonanso kuti bukuli lenilenilo limamuiwala msanga mtsikanayu, ndipo ndikanakonda Adebayo akanatisonyeza ngakhale pang'ono mmene imfayi inawakhalira abale ake.

Otsutsana nane amasunga mfundo yawo yamphamvu mpaka kumapeto, ndipo ndi Rotimi. Mwana uja sanafe. Akin anadutsa naye m'zipolowe mpaka anapeza thandizo, ndipo kwa zaka 15 anamulera yekha, mwana amene si wa magazi ake, wodwaladwala, wofuna kugonera kuchipatala kawirikawiri. Ngakhale Yejide asanachoke, amene ankamunyamula ndi kumusimbira nthano anali Akin. Imodzi mwa nthanozo ndi ya kamba amene anatumidwa kwa sing'anga kukatenga mankhwala a mimba a mkazi wake, n'kuwadya yekha panjira, mimba n'kumera mwa iye. N'zovuta kuimva nthanoyi osaganiza kuti wosimbayo akudzinena yekha. Amene anakhalapo pambali pa mwana wa sickle cell usiku wonse, akumusisita miyendo ululu utakana mankhwala, sangapeputse zaka 15 zimenezi. Inenso sindizipeputsa. Akin anali bambo wabwino, mwina woposa abambo ambiri obereka okha, ndipo bukuli limatiphunzitsa kuti ubambo suli m'magazi mokha.

Koma zabwino zimene anachitira Rotimi zinapita kwa Rotimi. Sizimubwezera Yejide zaka zimene anadziyesa chumba, sizimudzutsa Funmi, sizilumikiza mafupa a Dotun. Ndipo kuthawa kwa Yejide, kumene ambiri amamuweruza nako, kunachitika chifukwa anali atafika poti sangakhulupirirenso mawu alionse ochokera m'nyumba imeneyo. Mayi amene waika ana awiri m'manda, amene waphunzira kuti mwamuna wake akhoza kumuyang'ana m'maso zaka zonsezo n'kumunamiza, atamva kuti wachitatu wakomoka misewu ili yotseka, anamaliza yekha nkhaniyo. Analakwa, ndipo kulakwako kunamulanda ubwana wonse wa mwana wake. Komabe sindingamuike pa sikelo imodzi ndi amene anamuphunzitsa kusakhulupirira.

Mu December 2008 Yejide analandira kalata yomuitanira ku maliro a bambo ake a Akin, n'kubwerera ku Ilesa, ndipo kumeneko anapeza mtsikana wamkulu amene ankamuyesa wakufa. A mbali yoyamba amawerenga mathero amenewa ngati chikhululukiro. Amati Akin wabweza chimene anali nacho, banja lakumananso, ndipo popanda phokoso la achibale anthuwa akanatha kukhala bwino kuyambira kale. Ine ndimaona kuti Adebayo anasamala kwambiri posankha amene akuyanjana. Amene akupezana pamapeto ndi mayi ndi mwana wake, anthu awiri amene sananamizanepo, amene analekanitsidwa ndi zochita za ena. Akin alipo, walankhula, wamvedwa, koma wolembayo sakuwabwezera awiriwa m'nyumba imodzi ngati mwamuna ndi mkazi, ndipo sakutiuza kuti Yejide wamukhululukira.